Chidakwa ndani kuno ku Joni?

M'Chichewa munthu sadzuka tsiku limodzi n'kupezeka ali chidakwa. Pali makwerero, ndipo aliyense woyamwira chilankhulochi amawadziwa ngakhale palibe adamukhazika pansi kumuphunzitsa. Akati uje "amalawako", ndiye kuti amagwira botolo paukwati kapena pa Khirisimasi, kwatha. Akati "amamwa", nkhani yakwerako pang'ono koma mlandu palibe. Akati "amaukonda", osatchula n'komwe chimene akukondacho, womvera amangoti "ooh", wamva zonse. Kenako pamabwera "mbiyang'ambe". Pamwamba penipeni ndiye pali "chidakwa", liwu loti ukamuuza munthu wamkulu pamaso, konzekeratu ndewu kapena mlandu kwa ankhoswe.

Chovuta n'chakuti pokweza munthu pamakwerero amenewa sitiwerenga mabotolo. Anthu awiri akhoza kumwa mofanana ndendende, wina n'kumatchedwa wokonda kucheza, mnzakeyo chidakwa. Kuno ku Joni kusiyana kumeneku kwakula, ndipo kukubisa anthu amene akudwaladi.

Mmalawi amene wangotsika basi pa Park Station, Chizulu asanachidziwe ndi pang'ono pomwe, pali liwu limodzi limene amalitola msanga m'takisi: isidakwa. Kwa Azulu liwuli lili ndi banja lake lonse. Ukudakwa ndi kuledzera, isidakwa ndi munthu woledzeraledzera, akachuluka ndi izidakwa, ndipo mankhwala ozunguza bongo amawatcha izidakamizwa. Ashona a ku Zimbabwe nawo amati kudhakwa ndi chidhakwa. Ife tili ndi chidakwa, zidakwa ndi uchidakwa, koma mneni wake mulibe m'kamwa mwathu. Palibe amati "ndadakwa", timati "ndaledzera". Anzathu a ku Zambia amati chakolwa, ndipo iwo muzu wake ali nawo pafupi, kukolwa. Liwu likaima lokhalokha chonchi, kawirikawiri limakhala lobwera.

Njira zimene mawu a kuno adayendamo popita kwathu n'zodziwika. Ina ndi ya Angoni, amene adachoka kumwera kuno nthawi ya nkhondo za Shaka. Gulu la Zwangendaba lidawoloka Zambezi mu 1835, ndipo Amaseko adakakhazikika cha ku Ntcheu ndi Dedza. Ina ndi ya migodi. Kwa zaka zambiri Wenela, kampani yolemba anthu ntchito za m'migodi, inkanyamula azigogo athu kubwera nawo kuno, mpaka mu 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Udayambiranso pansi pa dzina la Theba, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anthu amenewo ankabwerera ndi njinga, wailesi, majekete, komanso mawu. Shabini ndi shebeen ya kuno. Chikokeyani ndi skokiaan, mowa wofulumira kupsa umene amayi a m'malokeshoni a Johannesburg ankafulula mozemba apolisi.

Chimene chimaluma pa liwuli ndi "chi" wakumayambiriroyo. Munthu m'Chichewa ndi "uyu", "wabwera", "wagona". Chidakwa ndi "ichi", "chabwera", "chagona pakhonde". Chimalowa gulu limodzi ndi chitsiru, chigawenga ndi chimbalangondo. Sikuti "chi" aliyense ndi wonyoza ayi, poti chiphadzuwa nachonso chili momwemo, koma tamvani mmene mayi wotopa amauzira ana ake usiku: "Chabwera chidakwa chija, katseguleni chitseko." M'chiganizo chonsecho mulibe "a" waulemu ndi mmodzi yemwe, chonsecho akunena bambo wa panyumba. Kuledzera kumachitika Loweruka n'kutha Lamulungu m'mawa. Aphunzitsi kapena amfumu akhoza kuledzera, mawa lake n'kukhalabe aphunzitsi ndi amfumu. Uchidakwa sukutha kukacha, umasanduka dzina, ndipo ana ako amayenda nalo kusukulu.

Mbiyang'ambe ndi losiyanako. Muli mbiya ya mowa wamasese mmenemo, komanso kachitamando pang'ono: munthu woti akakhala pambiya sanyamuka mpaka pansi pake paoneke. Anzako akhoza kukutchula chomwecho uli pomwepo, iwe n'kuseka. Anyamata masiku ano amadzitchanso okha zidakwa pocheza, koma liwu lomwelo likatuluka pakamwa pa apongozi nthabwala imathera pomwepo. Kwa amayi ndiye makwerero ndi aafupi mochititsa manyazi. Mwamuna amapatsidwa mpata wokwera pang'onopang'ono kwa zaka; mkazi akangoonedwa kawiri ndi botolo la Savanna ku Yeoville, uthenga umafika kumudzi kuti wasanduka chidakwa, ndipo pamwamba pake amawonjezerapo dzina lina limene sindilemba pano.

Kumudzi liwuli linali ndi muyezo womveka. Mowa wamasese unali ndi nthawi yake ndi chifukwa chake: dima, chinamwali, kumeta pamaliro, nsembe ya mvula. Unkafululidwa kwa masiku angapo, n'kumwedwa pagulu, chipanda chikuyenda kuyambira kwa akulu, ndipo sunkasungika chifukwa ukagonagona umasasa. Mbiya ikatha, aliyense kwawo. Munthu ankatha kuledzera mpaka kuchita kunyamulidwa, koma sakadatero tsiku ndi tsiku poti mowawo sunkapezeka tsiku ndi tsiku. Kachasu ndiye adasintha zinthu. Amasungika m'botolo, amagulidwa ndi ndalama kapena pangongole, ndipo Lolemba m'mawa amakhala alipo. Masacheti adadzangomaliza, mowa waukali wokwana m'thumba la yunifolomu ya mwana wasukulu, mpaka boma lidachita kuwaletsa. Choncho chidakwa cha kumudzi chimadziwika ndi zochita zake. Ndi uja amapezeka pakachasu dzinja lili mkati anzake akupalira. Ndi uja amatapa chimanga m'nkhokwe mkazi ali kumjigo, uja wagulitsa thumba la feteleza wotsika mtengo, uja amatukwana pamaliro. Mudzi umaweruza ndi ntchito imene munthu wasiya ndi manyazi amene wabweretsa pakhomo, ndipo poti onse amakhala pamodzi, muyezowu sulakwa kwambiri. Munthu amene mowa wamugwira, munda wake umaulula.

Muyezo umenewu tabwera nawo kuno, koma wafota n'kutsala funso limodzi: kodi amatumiza? Munda kulibe, nkhokwe kulibe, apongozi ali kutsidya kwa mayiko awiri. Chimene akumudzi amaona ndi uthenga wa Mukuru pafoni basi.

Pitani Lamulungu masana kuseri kwa nyumba za ku Turffontein kapena Rosettenville, kumene Amalawi amachita lendi tizipinda takumbuyo. Amuna akhala pamakreti, mapwapwa a nkhuku ali pamoto, mangudu, mabotolo akuluakulu aja a Black Label, akutsegulidwa ndi laitala. Pampopi mayi wina akutsuka mbale, mlamu wake waima pafupi.

"Alamu, achimwene anu aja akuwonjeza. Dzulo achita kuwakoka kuchokera pageti, nsapato imodzi yasowa."

"Aaa mlamu, asiyeni. Munthu amagwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka, mwezi ukangotha ndalama kumudzi yapita, nyumba afolera ndi malata. Akumwa thukuta lawo. Chidakwa ndi uyu wa chipinda chakumapetoyu, ana ake awathamangitsa kusukulu chifukwa cha fizi."

Mukawerenga mabotolo, wa chipinda chakumapetoyo amamwa pang'ono poyerekeza ndi achimwene otamandidwawo. Kungoti ntchito yake ya m'galadeni idatha abwana atasamuka, maganyu akusowa, ndipo kandalama kamene wapeza kakuthera pamowa wotchipa anthu akuona. Achimwenewo amamaliza mangudu 6 Loweruka, ena 6 Lamulungu, ndipo Lolemba m'mawa manja sakhazikika mpaka atameza kaye kena kake kochotsera matsire asanakwere takisi ya kuntchito. Onse awiri ali pamavuto, koma liwu lathu lagwera pa wosauka yekha. Kwa ine apa ndi pamene liwuli lasiya kutithandiza: lakhala chilango cha umphawi kuposa chenjezo la mowa.

Kamwedwe kodikira malipiro ndi mapeto a sabata kameneka mzinda uno udaphunzitsa anthu kalekale. Golide atapezeka mu 1886, amuna zikwizikwi adasonkhanitsidwa m'makomboni a pamigodi opanda akazi awo, ndipo mowa wamasese unkagawidwa ngati mbali ya phoso. Lamulo linkaletsa anthu akuda kugula mowa wa m'mabotolo wa Azungu mpaka mu 1962. Pofuna kupha mashabini ndi kudyapo yokha, khonsolo ya Johannesburg idatsegula nyumba zake zomwera mowa kuyambira mu 1938, kutengera zimene Durban idayamba kale, ndipo phindu lake linkayendetsera malokeshoni a anthu akuda omwewo. Ana asukulu a ku Soweto atagalukira boma mu June 1976, zina mwa zinthu zimene adayamba kuyatsa moto zinali nyumba za mowazi ndi masitolo ake, ponena kuti makolo awo akugonekedwa tulo ndi mowa. Malamulo amenewo adatha, koma moyo wa mwamuna wokhala yekha m'kachipinda, wopanda malume womudzudzula, udakalipo, ndipo ndi umene ambiri a ife tikukhala. Amene alibe mapepala sangatsegule akaunti kubanki, ndalama amalandira m'manja n'kugona nayo m'thumba. Kutuluka kokayenda amaopa apolisi ndi Lindela, kumene amasungira opanda mapepala asanawabweze kwawo. Chisangalalo chimene chatsala pafupi ndi kreti pabwalo. Eni dzikonso sachepa: ali mpaka ndi Phuza Thursday, kuyamba mapeto a sabata Lachinayi, ndipo malipoti a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, akhala akuonetsa kuti akuluakulu ambiri a ku South Africa samwa n'komwe, koma amene amamwawo ali m'gulu la omwa kwambiri padziko lonse.

Achipatala ali ndi muyezo wina, ndipo sufunsa za malata. Dokotala wa ku Sweden, Magnus Huss, ndiye adapatsa vutoli dzina la matenda mu 1849. Masiku ano madokotala amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timaziponya m'thumba limodzi.

Choyamba ndi kumwa wambiri pakamodzi. WHO imaika malire pa magalamu 60 a mowa weniweni, uja wotsala mukachotsa madzi ndi zina zonse. Ngudu imodzi ya mamililita 750 ya Black Label, imene mphamvu yake ndi 5.5 peresenti, ili ndi magalamu pafupifupi 32. Mangudu awiri okha, malire mwadutsa kale, pamene ambiri amati apo n'kungotsuka kukhosi. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu osapitirira 10 pa ola, ndipo sichifulumizidwa ndi khofi, madzi ozizira kapena nsima ya mgaiwa. Amene wamaliza mangudu 6 Lamulungu usiku walowetsa magalamu pafupifupi 200, kotero Lolemba akamakwera makwerero kukapenta nyumba ya abwana, kapena kuyendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya, mowa umakhala ukadali m'magazi. Lamulo la kuno la oyendetsa galimoto limathera pa magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi. Munthu wotereyu akhoza kukhala wosadalira mowa, Lachiwiri mpaka Lachisanu osauganizira n'komwe, koma ngozi, ndewu za mabotolo ndi kumenya akazi zambiri zimachokera kwa anthu ngati iyeyu. Dziko lonse lidaona umboni nthawi ya Covid-19. Boma lidaletsa kugulitsa mowa kuyambira pa 27 March 2020 mpaka 1 June, n'kudzabwerezanso kangapo, ndipo pa 1 January 2021 chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chidaonetsa zithunzi za chipinda chake cha ovulala chili mbee, chinthu chimene adati sichidachitikepo pa tsiku la chaka chatsopano.

Chachiwiri ndi kudalira mowa, ndipo apa ndi pamene pali matenda enieni. Amayang'ana ngati munthu akulephera kudziletsa, woti wanena kuti awiri okha koma m'bandakucha wamupeza pomwepo. Amayang'ana ngati mowa wapita patsogolo pa zina zonse, ntchito, chakudya, mankhwala a TB kapena ma ARV, ngakhale mwiniwake akuona kuti ukumuwononga. Amayang'ananso ngati thupi lazolowera, kufuna wambiri kuti limve kanthu ndi kudwala likausowa. Tamvani tsono mmene ife timatchulira zizindikiro zomwezi. Munthu womwa kreti yonse osadzandira timati ali ndi mutu wolimba, n'kumamuchemerera, pamene kwa dokotala ameneyo thupi lake lazolowera kale. Botolo la m'mawa timalitcha lochotsa matsire, ngati ndi mankhwala. Chilankhulo chathu chimanyoza amene wagwa m'ngalande n'kulemekeza amene sagwa, chikhalirecho wosagwayo nthawi zambiri ndiye wapita patali.

Zimene zimachitika munthu wotere akasiya mwadzidzidzi tiyenera kuzidziwa tonse, chifukwa timazimasulira molakwa. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, kumayamba kunjenjemera, thukuta, nseru, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. Ena amagwa ngati akhunyu tsiku loyamba kapena lachiwiri. Pakati pa maola 48 ndi 72, ena ochepa amasokonekeratu mutu, thupi kutentha, kuona njoka ndi tizilombo pakhoma, kumva anthu akuwaitana panja pomwe palibe munthu. Madokotala amati delirium tremens, ndipo imapha ngati munthu sathandizidwa. Ife tikaona zimenezi timati amulodza, ndipo wolodzayo timamudziwa kale, ndi achibale akumudzi a nsanje ndi nyumba ya malata ija. Timasonkherana ndalama ya kwa sing'anga kapena kuitana mneneri adzatulutse ziwanda, pamene kuchipatala kuli mankhwala oziziritsa ubongo ndi jekeseni wa mavitamini zimene zimamudutsitsa munthu pamasiku oopsawo. Nthawi ya chiletso cha 2020 ija, zinanazi ndi yisiti zitayamba kusowa m'masitolo chifukwa aliyense adasanduka wofulula, amene adayamba kunjenjemera m'tizipinda ambiri anali anthu oti palibe adawatchulapo chidakwa.

Liwuli likangomatidwa pa munthu, limagwira ntchito ina imene sitiiona. Limatseka nkhani. Wodwala malungo timamufunsa kuti wadzuka bwanji, koma chidakwa sitichifunsa kanthu, timangobisa ndalama chikalowa m'nyumba. Nayenso mwiniwake amachita chilichonse kuti asafike padzinalo, ndipo njira yapafupi ndi kubisa ndi kukana: "Ine chidakwa? Ndidagonapo pamsewu ine? Ana anga adagonapo ndi njala?" Malinga ndi muyezo wathu akunena zoona, ndiye mungamutsutse bwanji? N'chifukwa chake azaumoyo ndi a pawailesi kwathu amakonda kunena kuti "kumwa mowa mwauchidakwa", kuchotsa "chi" uja pa munthu n'kumuika pa kamwedwe. Ena amati "ali ndi vuto la mowa". Mawuwa ndi ozizira, alibe mano, koma ali ndi ubwino umodzi waukulu: mukhoza kunena kuti "amalume ali ndi vuto la mowa" iwo n'kukhalabe amalume, ulemu wawo uli pomwepo, ndipo mukhoza kuwanena ali pomwepo osayambitsa ndewu.

Kothandizidwa kuno kulipo. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene lidayamba ku America mu 1935, limakumana m'madera ambiri a Johannesburg, sililipiritsa ndipo silifunsa pasipoti kapena dzina la bambo ako. Chimene chimatsamwitsa Mmalawi kumeneko ndi mwambo wawo woti polankhula munthu amayamba wavomera yekha chimene ali. M'Chingerezi zimatuluka mopepuka, koma mumtima akamazitembenuza amamva kuti "ine ndine chidakwa", kudzitukwana wekha pagulu, ndipo si aliyense amabwererako kachiwiri. Kuli bungwe la SANCA, limene lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira mu 1956, komanso makiliniki a boma, kumene namwino ali ndi mafunso 10 a WHO otchedwa AUDIT ofunsa kuti mumamwa kangati, angati, ndiponso ngati mumafuna botolo m'mawa. Kwathu kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha Zomba Mental.

Koma zimene timachita kawirikawiri sizimenezo. Munthu akafika poti ntchito yatha, lendi yamukanika, gulu la akumudzi kwawo limakumana n'kugamula kuti "timutumize kumudzi asanatifere kuno", poti aliyense akudziwa mtengo wonyamula maliro kuchoka ku Joni. Maganizowo si oipa, ngakhale kumudziko akukapeza kachasu wotchipa kuposa ngudu. Choopsa chili pa ulendo weniweniwo. Timamulanda ndalama zonse kuti asagule mowa panjira, timamukweza basi, timauza kondakitala kuti amuyang'anire. Basiyo imadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo ndi mizere ya m'mabodala imatenga masiku awiri kapena kuposerapo isanafike pa Mwanza kapena Dedza. Amenewo ndi maola omwe aja 48 mpaka 72. Munthu amene manja ake amanjenjemera m'mawa uliwonse akhoza kuyamba kugwa kapena kuona zinthu ali pakati pa Mozambique, padzuwa la ku Tete, kopanda wachibale ndiponso kopanda pepala lililonse lachipatala m'thumba. Ngati mwagwirizana zomutumiza, yambani mwapita naye kukiliniki, muwauze anamwino kuchuluka kwenikweni kwa mabotolo amene amamwa patsiku, adutse kaye masiku oyambawo ali pamankhwala, tikiti mugule pambuyo pake.